Ankhonya akale abweranso pa kanema: tidziwe chimene chalowa m'nyumba

Amayi anzanga, alipo ena mwa ife amene masiku ano akudabwa ndi zochitika pabalaza madzulo. Nsima yapakulidwa, madzi osamba m'manja ali pomwepo, koma bambo ndi mwana wawo angoti maso tong'o pa wailesi ya kanema, aliyense kachipangizo kali m'manja. Pa kanemapo anthu awiri ojambulidwa akusinthana nkhonya ndi mateche. Chodabwitsa nchakuti wofuula kwambiri si mwana ayi, koma bambo wa imvi zake, amene akutchula anthu ojambulidwawo maina ngati kuti adaphunzira nawo sukulu imodzi. Nawo amayi a kumudzi asayese kuti nkhaniyi ili kutali, pakuti m'malo ambiri a malonda muli timanyumba momwe ana amalipira kuti asewere magemu, ndipo ndalama yake imachokera pa mfundo ya chitenje chathu.

Lero tsono tiyeni tikambirane za masewera amodzi otere, otchedwa Street Fighter 6, amene adatuluka pa 2 June 2023. Masewerawa ndi atsopano, koma anthu ake ndi akale. Mayi akadziwa chifukwa chimene zakalezo zaukitsidwira, sangavutike kuona pofunika kulola ndi pofunika kuletsa.

Kumene adachokera

Mwini masewerawa ndi kampani ya Capcom ya mumzinda wa Osaka ku Japan. Oyamba adatuluka m'chaka cha 1987, koma amene adamveka dziko lonse ndi achiwiri, Street Fighter II, a m'chaka cha 1991. Poyamba sankaseweredwa kunyumba. Ankakhala m'makina aatali ngati kabati ya mbale, okhala ndi kanema kutsogolo, kandodo koyendetsera munthu, ndi mabatani 6: atatu a nkhonya, atatu a mateche. Makinawa ankaikidwa m'nyumba za masewera zotchedwa arcade, ndipo ku South Africa ankapezeka ngakhale m'timasitolo ta m'makona a misewu, momwe mwana wotumidwa buledi ankasiyamo chenji cha amake.

Malamulo ake adali osavuta. Munthu ankaponya khobidi m'makina nasankha wankhonya mmodzi mwa anthu 8. Wofuna kulimbana naye ankaponya lake naima pambali pake. Wopambana zigawo ziwiri mwa zitatu ankatsala pa makina osalipiranso, wogonja nkubwerera kumbuyo kwa mzere. Chomwecho mwana waluso ankatha masana onse ndi khobidi limodzi, pamene wosadziwa ankapita kwawo msanga m'thumba muli mbee.

Ankhonyawo adali a m'maiko osiyanasiyana: Ryu ndi E. Honda a ku Japan, Ken ndi Guile a ku America, Zangief wa ku Soviet Union, Dhalsim wa ku India, Blanka wa ku Brazil, ndi Chun-Li wa ku China. Aliyense adali ndi kamenyedwe kakekake kofunika kuphunzira. Kuti Ryu aponye moto wake wotchuka uja, wosewera ankayenera kukhotetsa kandodo kuchokera pansi kupita kutsogolo, nadina batani la nkhonya pa nthawi yake yeniyeni. Amene adaonererapo bawo adzamvetsa kuti m'masewera otere chopambanitsa munthu ndi kuwerenga maganizo a mnzake ndi kumtchera msampha, osati kungopuputa mabatani.

Amayi awiri pakati pa amuna

Pa ankhonya 8 aja wamkazi adali mmodzi yekha, Chun-Li. Nthano yake inkati iye ndi wapolisi amene akusaka chigawenga chotchedwa M. Bison chimene chidapha bambo wake. Nkhonya zake sizidali zolemera ngati za amuna, koma adali waliwiro ndi wa mateche osaleka, kotero kuti anyamata ambiri amene ankanyoza kusankha mkazi adalira naye.

Mayi wina ndi munthu weniweni, ndipo ambiri sadamdziwe kwa zaka zambiri. Nyimbo zambiri za Street Fighter II, zimene abambo ena amaziimbabe mluzu mpaka lero, adazipeka ndi Yoko Shimomura, mtsikana wa ku Japan amene adaphunzira kuimba piyano nayamba ntchito ku Capcom m'chaka cha 1988. Mayiyu adapitiriza kupeka nyimbo za masewera ena ambiri, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la BAFTA la ku Britain lidampatsa ulemu wake waukulu koposa. Mwana wathu wamkazi akamakonda zinthu zoterezi, tisafulumire kunena kuti nzachimuna.

Kuiwalika ndi kubwerera

M'chaka cha 1997 a Capcom adatulutsa Street Fighter III, ndipo adachita chinthu chimene chidawapweteka okha. Adachotsa ankhonya akale onse, kupatula Ryu ndi Ken, naikamo achilendo. Akatswiri adawakonda masewerawo, koma anthu wamba adafika pa makina, naona nkhope zosazidziwa, nabwerera. Chun-Li adamubwezeramo m'chaka cha 1999, koma nthawiyo nkuti nyumba za arcade zikutsekedwa m'maiko ambiri, poti mabanja adayamba kugula makina osewerera kunyumba.

Padapita zaka pafupifupi 10 kusanatuluke Street Fighter wa nambala yatsopano. Mkulu wina wa pakampaniyo, Yoshinori Ono, ndiye adalimbikira kuti masewerawa adzutsidwe. Street Fighter IV adatuluka m'chaka cha 2008 ku Japan, nafika m'makina a kunyumba m'chaka cha 2009. Nzeru yake idali yakuti abwezeremo ankhonya onse a 1991, zithunzi zikhale zamakono, koma kamenyedwe kakhale komwe kaja kamene zala za anthu zidazolowera. Nzeruyo idagwira ntchito ndithu, chifukwa ana amene ankaponya makobidi aja tsopano adali abambo ndi amayi a pantchito, okhoza kudzigulira okha chimene ankachisirira ali ana.

Zakale ndi zatsopano

Street Fighter 6 watsata njira yomweyo. Adayamba ndi ankhonya 18, ndipo onse 8 akale aja alimo. Pa 18 amenewo akazi adakwana 7. Koma opanga ake adawakulitsa akalewo monga m'mene akulira owasewera. Ryu wamera ndevu. Ken, amene adali mnyamata wachuma ndi wamatama, wanamiziridwa mlandu ndipo akukhala mobisala, kutali ndi mkazi wake ndi mwana wake. Chun-Li wasiya kusaka zigawenga. Akuphunzitsa kung fu ndi kulera mtsikana wotchedwa Li-Fen. Bambo wa zaka 45 akaona zimenezi amamva ngati wakumana ndi anzake a paubwana amene nawonso moyo wawapeta.

Ngakhale nyumba ya arcade ija aijambulamo. Muli malo otchedwa Battle Hub, momwe wosewera amalowa kudzera pa intaneti, napeza makina ojambulidwa ali ndondondo, nakhala pa amodzi kudikira womputa. M'menemo muli ngakhale masewera akale enieni a Capcom oti munthu nkusewera.

Ana nawo sadawaiwale. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zoyendetsera wankhonya. Yakale, yotchedwa Classic, ndi ija ya mabatani 6 ndi kukhotetsa kandodo. Yatsopano, yotchedwa Modern, imalola munthu kuponya moto uja ndi batani limodzi, ngakhale kuti nkhonya yoponyedwa mwachidule chonchi amaichepetsako mphamvu. Nchifukwa chake mwana wongoyamba dzulo angathe kugwetsa bambo wake, nyumba yonse nkufa ndi phwete. Adaikamonso mawu ndi malikhweru othandiza osaona kudziwa kumene kuli mdani. Pa mpikisano waukulu wa Evo ku Las Vegas m'chaka cha 2023, mkulu wina wosaona wa ku Netherlands, Sven van de Wege, adagonjetsa munthu wopenya khamu la anthu likuonerera.

Tinene zoona, zabwino zilipo. Masewera amene bambo ndi mwana angakhalire pa mpando umodzi, kuseka ndi kunyogodolana, si ambiri masiku ano. Ndi bwino bambo akhale pabalaza ndi ana ake kusiyana nkuti afike pakati pa usiku akudzandira.

Chimene sichidabwerere

Koma pali chinthu chimodzi cha m'masiku a arcade chimene sichidabwerere, ndipo apa ndi pamene mayi ayenera kutchera khutu. Makina akale aja adali ndi malire ake. Khobidi likatha, masewera athanso. Dzuwa likalowa, mwini sitolo ankatseka chitseko. Wolimbana naye adali mwana wa pamudzi pomwepo, woti ukamtukwana mawa amake afika pakhomo. Makina a lero satsekedwa. Pa intaneti womputa sasowa, usana kapena usiku, ndipo ndi mlendo wosadziwika kwawo ndi msinkhu wake.

Ndalama nayo ikutuluka mwa njira ina. Kale mwana ankaona ndi maso khobidi likumira m'makina. Lero masewera amagulidwa kamodzi, koma malonda sathera pomwepo. Chaka ndi chaka a Capcom akhala akuonjezamo ankhonya 4, ogulidwa paokha, ndipo ambiri a iwo ndi akale okondedwa. M. Bison uja adabwerera m'chaka cha 2024, ndipo Elena, mtsikana wa ku Kenya wa mu Street Fighter III, adabwerera m'chaka cha 2025. Zovala za ankhonyawo nazo zimagulidwa ndi ndalama za m'masewera momwemo zotchedwa Fighter Coins, zimene munthu amazigula ndi ndalama zenizeni kudzera pa khadi la kubanki. Pa makina a PlayStation ndi Xbox, kusewera ndi anthu a kutali kumafunanso chiphaso cholipira. Tikaonjezapo bandulo ya intaneti ndi mayunitsi a magetsi, tipeza kuti chikumbutso cha ubwana wa bambo chayamba kudya ndalama ya ndiwo. Akuluakulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Palinso maloto a chuma. Mwana adzakuuzani kuti m'masewerawa muli ndalama, ndipo sakunama. Mu February 2024 mnyamata wa ku Taiwan wodziwika ndi dzina loti UMA adapambana mpikisano wa Capcom Cup nalandira madola 1 miliyoni. Koma mumkumbutse mwanayo kuti pa Evo wa 2023 adalembetsa anthu oposa 7,000 pa Street Fighter 6 pokha, ndipo chikho adatenga mmodzi. Enawo adabwerera ku ntchito zawo ndi ku sukulu zawo.

Nanga tichitenji?

Choyamba, tiyang'ane chizindikiro cha msinkhu chimene chimakhala pa chikuto cha masewera. Masewera a nkhonya sali ofanana onse. Street Fighter 6 ali ndi chilembo T, kutanthauza a zaka 13 kupita m'tsogolo. Mortal Kombat wa masiku ano ali ndi chilembo M, cha a zaka 17 kupita m'tsogolo, kapena nambala 18 ngati adachokera ku Ulaya, chifukwa muli magazi ndi kudulana ziwalo. Zizindikiro za ku America zimenezi zidayamba m'chaka cha 1994, aphungu a nyumba ya malamulo ya kumeneko atadandaula ndi nkhanza za m'masewera ngati Mortal Kombat woyamba. Tidziwenso kuti zovala za ankhonya ena aakazi nzosalongosoka pamaso pathu, ndipo ndi bwino kukambirana ndi ana za zimenezi osati kungokhala chete.

Chachiwiri, khadi la kubanki lisasiyidwe lolembedwa m'makina. Makina a PlayStation, Xbox ndi Nintendo ali ndi malo pomwe kholo lingaletse kugula ndi kuika malire a nthawi yosewera. Mukapanda kudziwa pochitira, auzeni bambo achite inu mukuona.

Chachitatu, amayi amene ana awo amasewera m'timanyumba ta magemu apiteko tsiku lina akaone ndi maso. Afunse masewera amene amaikidwa, nthawi yotsekera, ndiponso ngati mwini wake amalandira ana a yunifolomu nthawi ya sukulu. Ndalama ya gemu ikhale yodziwika, ya Loweruka, osati yotapa pa ya kuchigayo.

Chachinayi, lamulo la nthawi likhudze onse. Mwana sangamvere zoti azimitse makina pamene bambo wake akupitiriza mpaka tambala woyamba. Nkhaniyi ikambidwe kuchipinda mwaulemu, makolo awiri agwirizane, kenaka ana auzidwe ndi pakamwa pamodzi. M'mera mpoyamba.

Pomaliza, amayi anzanga, tsiku lina mukatha ntchito khalani nawo pansi, mupemphe kachipangizoko, musankhe Chun-Li ndi njira ya Modern ija. Mwina mugonja, mwinanso muwadabwitsa. Koma mudzakhala mutadziwa chimene chikukoka ana anu ndi bambo awo, ndipo podzanena kuti "basi, nsima ikuzizira," adzadziwa kuti wanenayo akudziwa chimene akuletsa.