Njinga yamoto yosatopa: n'chiyani chimaipatsa moyo wautali?

Mu 1985, Emilio Scotto wa ku Argentina ananyamuka ku Buenos Aires atakwera Honda Gold Wing yopangidwa mu 1980. Anabwerera kwawo mu 1995 atayenda makilomita 735,000, ndipo buku la Guinness linamulemba kuti ndiye mwini ulendo wautali kwambiri wa pa njinga yamoto. Okonda Honda amainyadira nkhaniyi, koma kawirikawiri amadumpha mbali ina: pa ulendowo anatha matayala 86 ndi mabatire 12, ndipo injini anachita kuikamo ina. Chimodzimodzinso Dave Zien, wandale wa ku Wisconsin m'dziko la America, amene Harley-Davidson yake ya 1991 inakwanitsa mamailosi 1 miliyoni mu 2009. Injini yake inaphwasulidwa n'kumangidwanso kangapo konse.

Nanga njinga zimene sizivutavuta ndi ziti? Mu 2015 magazini ya Consumer Reports inafunsa eni njinga oposa 11,000 ku America. Inapeza kuti pofika chaka chachinayi, njinga 11 pa 100 zilizonse za Yamaha zimakhala zitafunapo kukonzedwa. Honda ndi Suzuki zinali pa 12, Kawasaki pa 15, Harley-Davidson pa 26, pamene BMW, yodula chonchija, inali pa 40. Makampani anayi a ku Japan anatsogola, ndipo palibe makaniko amene angadabwe nazo.

Komabe ambiri mwa anthu amene anayankhawo amakwera njinga pofuna kusangalala, pa tara wosalala, ikatha ntchito n'kuigoneka m'galaja. Wakabaza wa ku Area 25 kapena ku Ndirande amailiza m'bandakucha n'kudzaizimitsa usiku, itanyamula anthu, matumba a chimanga, nthawi zina ndi mbuzi yomwe. Funso lake ndi lina, ndipo yankho lake linapezeka kalekale, mu 1975.

Chaka chimenecho Honda inatulutsa CG125. Isanaipange, inatuma akatswiri ake mu 1974 kukaona mmene anthu ankagwiritsira ntchito njinga m'maiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan. Zimene anakapeza kumeneko Mmalawi aliyense angazizindikire. Banja lonse pa njinga imodzi, katundu wopitirira muyezo, fumbi losaneneka, ndiponso oyilo wosasinthidwa mpaka kusanduka phala lakuda. Injini za Honda za nthawiyo zinali ndi kamushafuti, chitsulo chimene chimatsegula ndi kutseka mavalavu, pamwamba penipeni. Oyilo akada kapena akachepa, kumtundako sikunkafika wokwanira, ndipo mutu wa injini unkadyeka msanga.

Akatswiriwo sanaganize zoti aphunzitse dziko lonse kusamala njinga. Anapanga injini yopirira nkhanza. Kamushafuti anaitsitsira m'munsi, pafupi ndi pamene oyilo amakhala, n'kumaiyendetsa ndi magiya m'malo mwa tcheni, ndipo mavalavu n'kumakankhidwa ndi timitengo tachitsulo. Sefa ya mpweya anaipanga ya siponji yoti munthu n'kuitsuka n'kuibwezera. Injiniyo imazizira ndi mphepo chabe, ilibe radiyeta yoti ingaboole kapena madzi oti angaphwe. Pa liwiro CG125 sinadziwikepo, ndipo phokoso la timitengo take limamveka munthu ali patali ndithu. Koma inapangidwa kwa zaka makumimakumi ku Brazil, ndipo ku Pakistan kampani ya Atlas Honda ikuipangabe.

Mafakitale a ku China anatengera injini imeneyi, mwakuti zambiri mwa njinga zotchipa zimene zadzaza m'misewu ya mu Africa ndi zidzukulu zake. Apa m'pamene pali mwayi ndi msampha. Mwayi wake ngwakuti makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa injiniyi ngakhale atatsinzina, ndipo pisitoni, maring'i ndi mbale za kilachi zimapezeka pa sitolo iliyonse ya masipeya. Msampha ngwakuti kufanana maonekedwe sikufanana chitsulo. Pa Lifo, Sanlg kapena King Lion, injini ikhoza kulimba ndithu, koma moyo wake umadalira kwambiri masipeya amene mwini wake amagula ikayamba kutha, poti pamsika pali enieni ndi achinyengo ataunjikidwa pamodzi.

Ku Uganda, Kenya ndi Nigeria, ntchito yonyamula anthu inagwidwa kwambiri ndi njinga za ku India, makamaka Bajaj Boxer ndi TVS. Nzeru yake ndi yomweyo: injini yaing'ono yosakakamizidwa kutulutsa mphamvu zambiri, felemu yolimba, mpando wautali, ndi masipeya paliponse.

Kwa ine, umboni wogwira mtima kwambiri uli pa Yamaha AG, njinga imene inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia koma n'kudzazolowereka ndi alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito zaumoyo m'midzi ya kuno. Tcheni chake chili m'chikuto, chotetezedwa ku matope ndi mchenga. Ngakhale zili choncho, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Barry ndi Andrea Coleman, pamodzi ndi katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto Randy Mamola, anaona njinga zoperekedwa ndi mabungwe zitafa n'kutayidwa kuseri kwa zipatala za mu Africa zisanayende n'komwe mtunda wodziwika. Chinkasowa chinali chisamaliro chabe. Anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene ku Malawi kuno limanyamula magazi ndi zina zokapimidwa kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono kupita ku malabotale. Lamulo lawo n'losavuta kumva: wokwera aiyendere njinga yake tsiku lililonse asananyamuke, ndipo chitsulo chisinthidwe nthawi yake ikakwana, chisanathyoke.

Chimapha njinga zambiri kuno n'chodziwika. Injini ya 125 imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo ndiye amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilachi. Amatopa msanga. Wakabaza amene akuyendetsa njinga ya bwana, n'kumafunika kupereka ndalama yoikika madzulo aliwonse, amaona kugula oyilo ngati kuchotsa ndiwo pakhomo, motero amangothirira pamwamba. Fumbi la mu Okutobala likadutsa pa sefa yong'ambika limakapala silinda mkati. Petulo wa m'zigubu, amene pa nthawi ya kusowa kwa mafuta ena amamusakaniza ndi parafini, amamalizitsa ntchitoyo.

Ndiye wofuna kugula njinga yogwirapo ntchito asatengeke ndi nambala ya pa mita. Zambiri chingwe cha mita chinaduka kalekale, ndipo pa zina nambala ikadutsa 99,999 imayambiranso pa ziro. Ndi bwino kufika m'mawa injini isanalizidwe, kuikhudza kuti atsimikize kuti ndi yozizira, kenako n'kuiponda yekha. Utsi wabuluu ku ekizozi ukutanthauza kuti maring'i atha ndipo injini ikudya oyilo. Ayang'anenso mano a sipuloketi ngati asongoka, ndi pansi pa mpando ngati felemu inawotcheredwapo chifukwa cha katundu. Akatero afunse sitolo ziwiri kapena zitatu za pafupi ndi kwawo ngati zili ndi pisitoni ya njinga imeneyo, ndi mtengo wake.