Chithunzi cha PET cha ubongo: zimene zimachitika dokotala asanachione

Wodwala akatuluka m'makina a PET, achibale ambiri amayembekezera kulandira chithunzi pompo, monga zimakhalira ndi X-ray. Sizitero ayi. Zimene makina amatola poyamba ndi manambala ochuluka zedi, ndipo kompyuta imayamba yawakonza dokotala asanawerengepo kanthu. Mukadziwa mmene kukonzaku kumayendera, mungathandize kuti ulendo wa ku Nairobi ndi ndalama zimene banja lasonkha zisapite pachabe.

Ku Nairobi, Aga Khan University Hospital inayamba kuunika ndi PET mu 2018, ndipo chipatala cha boma cha Kenyatta University Teaching, Referral and Research Hospital chinatsegula malo ake ounikira mu 2021. Wodwala amabayidwa mumtsempha mankhwala otchedwa FDG, omwe ndi shuga wophatikizidwa ndi fluorine-18, chinthu chotulutsa cheza chimene makina amatha kuona. Ubongo umadya shuga kwambiri: kulemera kwake ndi pafupifupi 2 peresenti ya thupi, koma umagwiritsa ntchito 20 peresenti ya mphamvu zake. Malo ogwira ntchito bwino amatenga shuga wambiri n'kuwala, malo ofooka amaoneka ozilala. Madokotala amagwiritsa ntchito zimenezi pofufuza kumene khunyu yosamva mankhwala ikuyambira, kapena posiyanitsa matenda a Alzheimer's ndi matenda ena oiwalitsa.

Zina kompyuta imakonza mosavuta. Mphamvu ya fluorine-18 imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, choncho imawerengera nthawi imene yapita chibayireni. Chigaza nachonso chimatsekereza cheza china, moti pakati pa ubongo pangaoneke pakuda popanda vuto lililonse. N'chifukwa chake makina amayamba ajambula CT mwachidule, kuti kompyuta idziwe kuchindikala kwa fupa n'kubwezera zimene zatayika.

Vuto lalikulu ndi kusuntha mutu. PET siona bwino tinthu tochepera mamilimita 4 mpaka 6, ndiye wodwala akangotembenuka pang'ono, malire a zigawo za ubongo amasokonekera. Akasuntha CT itajambulidwa kale, kompyuta imawerengera fupa pamalo pamene palibe fupa, ndipo mbali imodzi ingaoneke yozilala mwabodza. Ngati kujambulako kwagawidwa m'zidutswa za mphindi zochepa, zidutswazo zimatha kulinganizidwanso, koma kusuntha kukachuluka palibe chopulumutsa. Kujambula kumatenga mphindi 10 mpaka 20. Kwa agogo oiwalaiwala kapena mwana, nthawi imeneyi ndi yaitali. Ngati wodwala amangomva Chichewa, m'fotokozereni zonse inuyo asanabayidwe, chifukwa ogwira ntchito kumeneko amalankhula Chingerezi ndi Chiswahili.

Kenako chithunzi cha PET chimasanjikizidwa pa cha MRI cha munthu yemweyo. PET imaonetsa ntchito ya ubongo, pamene MRI imaonetsa maonekedwe ake. Ubongo wa munthu wokalamba umafota, mipata yake n'kudzaza madzi, ndipo pa PET mipatayi ingaoneke ngati malo odwala. MRI ndiyo imathandiza kusiyanitsa. Ngati wodwala anajambulidwapo MRI ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka, tengani CD yake, osati lipoti la papepala lokha.

Pomaliza, kompyuta ikhoza kukoka ndi kupanikiza chithunzicho kuti chifanane ndi mapu a ubongo ogwirizanirana, n'kuchiyerekeza ndi zithunzi za anthu athanzi. Mapu odziwika kwambiri, a MNI152, anapangidwa ku Montreal, m'dziko la Canada, kuchokera ku MRI za achinyamata athanzi 152. Ubongo wofota wa munthu wa zaka 75 umafunika kukokedwa kwambiri kuti ulowe m'mapu amenewa, ndipo pamenepo zolakwika zimatha kulowa. Kuwala kwa malo alionse kumayerekezedwanso ndi gawo limene matendawo sakonda kuligwira, monga kaubongo kakumbuyo kotchedwa cerebellum. Ndiye mitundu yofiira ndi yabuluu imene mungaone pa lipoti isakuopsezeni. Ndi zotsatira za masamu, ndipo dokotala wabwino amaziika pambali pa mbiri ya wodwala asananene dzina la matenda.

Pali zina zimene kompyuta singakonze konse, ndipo izi zili m'manja mwanu. Shuga wa m'magazi akakwera amalimbirana malo ndi FDG, choncho wodwala asadye kwa maola 4 mpaka 6. Madzi amwe, koma khofi, tiyi ndi mowa ayi. Wa matenda a shuga anene msanga pokonza tsiku, kuti auzidwe za mankhwala ake. Akabayidwa amakhala pafupifupi theka la ola m'chipinda chamdima pang'ono. Musamuchezetse, musamupatse foni: kulankhula ndi kuwerenga kumadzutsa zigawo zina za ubongo, zomwe zimatenga shuga wambiri n'kusintha chithunzi. Musamumwetsenso mankhwala ogonetsa panokha kuti afatse, chifukwa amachepetsa ntchito ya ubongo. Akafunika, achipatala amapereka okha FDG italowa kale. Uzani dokotala ngati wodwala anagwa khunyu posachedwa, ali ndi pakati kapena akuyamwitsa.

Pochoka, pemphani lipoti pamodzi ndi zithunzi zonse za DICOM pa CD kapena pa flash. Dokotala wa kumudzi angazitsegule n'kuziyerekeza ndi zimene zingadzajambulidwe m'tsogolo, zomwe sangachite ndi chithunzi chojambulidwa pa foni n'kutumizidwa pa WhatsApp.