Tanthauzo la Mawu Akuti "Dipatimenti" ndi Khomo Loyenera Kugogoda

Mawu akuti "dipatimenti" samasowa pa misonkhano ya chitukuko ku Nambuma, Nsaru, Kabudula ndi madera ena a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe. Mlendo wochokera ku khonsolo akaimirira kuti adzitchule, amanena dzina lake kenaka dipatimenti yomwe akuimira. Mawu omwewa ndi amene munthu amabwera nawo kuchokera ku tauni, atauzidwa pa ofesi ina kuti nkhani yakeyo ndi ya dipatimenti ina. Kwa munthu wa ku Nambuma ulendo wotere si wamasewera. Umadya ndalama ya kabaza ndi ya minibasi, umadyanso tsiku lathunthu la kumunda, ndipo munthu akalakwitsa khomo amayenera kuuyambanso tsiku lina.

Mawuwa ndi a Chingerezi, amalembedwa kuti department, koma Angerezi nawonso adachita kubwereka ku Chifalansa. Tsinde lake ndi mneni wotanthauza kugawa. Choncho dipatimenti ndi gawo la bungwe lalikulu lomwe lapatsidwa ntchito yakeyake, antchito ake ndi mtsogoleri wake. Mayiko sagwiritsa ntchito mawuwa mofanana. Ku France, kuyambira m'chaka cha 1790, amatanthauza chigawo cha dziko, chonga chomwe kuno chimatchedwa boma la Lilongwe kapena la Dowa. Ku America amatanthauza unduna wathunthu. M'Malawi muno mawuwa adatsata kagwiritsidwe ntchito ka atsamunda a ku Britain, ndipo nthawi zambiri amaimira gawo lomwe lili pansi pa unduna kapena pansi pa bungwe lina lalikulu.

Chichewa chili ndi mawu akeake a chinthu chomwechi, omwe amamveka tsiku lililonse pa wailesi: nthambi. Owerenga nkhani amati nthambi yoona za nyengo yachenjeza za mvula yamphamvu, kapena nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi yatumiza thandizo. Kunena zoona, mawu a Chichewawa amafotokoza bwino kuposa a Chingereziwo. Mawu a Chingerezi amatsindika za kugawa ndi kupatula, pamene nthambi imakumbutsa kuti pali thunthu lomwe yamererapo, ndipo kuti nthambi zonse zimamwa madzi kuchokera ku mizu imodzi.

Anthu ambiri amatchula mawuwa osadziwa kuti awatchula. Wodwala akafika pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete kapena pa chipatala cha Kabudula n'kuuzidwa kuti akakhale pa mzere ku OPD, chilembo chomalizacho chikuimira dipatimenti: ndi gawo la odwala omwe amalandira mankhwala n'kubwerera kwawo osagonekedwa. Ku sekondale nako aphunzitsi amagawidwa m'madipatimenti a sayansi, a zilankhulo ndi a maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndipo gawo lililonse lili ndi mkulu wake. Kholo lomwe likudandaula za kaphunzitsidwe ka masamu likhoza kutumizidwa ndi mphunzitsi wamkulu kwa mkulu wa dipatimenti ya sayansi, ndipo kumeneko si kulinyoza ayi.

Chisokonezo chachikulu chimabwera pa kusiyanitsa dipatimenti ndi unduna. Unduna umatsogozedwa ndi nduna, munthu wandale wosankhidwa ndi Pulezidenti, mothandizidwa ndi mlembi wamkulu. Dipatimenti imatsogozedwa ndi dayirekita, yemwe ndi wogwira ntchito m'boma wodziwa luso la ntchitoyo. Unduna umodzi umakhala ndi madipatimenti angapo. Mu Unduna wa Zaulimi, mwachitsanzo, muli dipatimenti ya ulangizi, ya ziweto ndi ya kafukufuku. Malo a kafukufuku a Chitedze, omwe aliyense wodutsa msewu wa Mchinji amawaona, ali pansi pa dipatimenti ya kafukufukuyo, pamene mlangizi woyendera minda ndi wa dipatimenti ya ulangizi. Onse ndi a zaulimi, koma wina amayesa mbewu, wina amazifikitsa kwa mlimi.

M'mbiri ya dziko lino madipatimenti ndi akale kuposa maunduna. M'nthawi ya Nyasaland ntchito za boma zinkayendetsedwa ndi madipatimenti omwe ankayankha kwa Bwanamkubwa wa dziko ku Zomba. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa m'chaka cha 1926. Achikulire ambiri akukumbukirabe a PWD omwe ankalambula misewu ndi kumanga milatho. Chilembo chomaliza pamenepanso ndi dipatimenti. Maunduna adabwera pambuyo pa chisankho cha 1961, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala nduna yoona za chilengedwe ndi maboma aang'ono. Kuyambira pamenepo maina a maunduna akhala akusinthasintha malinga ndi momwe mtsogoleri wa dziko wakonzera nduna zake, koma madipatimenti sagwedezeka kwenikweni. Dipatimenti ya nkhalango, yomwe imayang'anira nkhalango ya Dzalanyama, m'chaka cha 2020 inali pansi pa unduna wotchedwa wa nkhalango ndi zachilengedwe. Patapita nthawi undunawo udatchedwa wa zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Ntchito ya dipatimentiyo sidasinthe, ndipo lamulo la nkhalango la 1997, pamodzi ndi zosintha zake, ndi lomwe imatsatabe. Kwa munthu wa kumudzi, kuloweza dzina la dipatimenti n'kothandiza kuposa kuloweza dzina la unduna.

Si ofesi iliyonse yomwe anthu amaitcha "boma" imene ili dipatimenti. ESCOM ndi ADMARC ndi makampani a boma, ali ndi mabodi awoawo. Bungwe lotolera misonkho la MRA ndi bungwe loona za misewu ikuluikulu la Roads Authority adakhazikitsidwa ndi malamulo awo. Thiransifoma ikapsa pa malo a malonda, khonsolo ikhoza kukumbutsa ndi kukankha, koma ilibe mphamvu zolamula kuti ikonzedwe mawa. Palinso madipatimenti omwe amayendetsedwa kuchokera ku likulu ndipo sali m'manja mwa khonsolo. Pasipoti, mwachitsanzo, imaperekedwa ndi dipatimenti yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, osati ndi ofesi ya DC.

Kwa anthu okhala m'mawodi, gawo lofunika kwambiri la nkhaniyi lidayamba m'chaka cha 1998, pamene boma lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndipo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono. Zisanatero, mkulu wa zaulimi wa pa boma ankayang'ana ku unduna wake, wa zaumoyo ku unduna wake, wa maphunziro chimodzimodzi, ndipo aliyense ankayenda njira yake ngakhale ankatumikira mudzi womwewo. Ndondomekoyi idafuna kuti ntchito monga maphunziro a pulayimale, zipatala zazing'ono, ulangizi wa zaulimi, madzi a m'midzi ndi chitukuko cha m'madera zikhale pansi pa khonsolo. Kusamutsa mphamvuzo kwayenda pang'onopang'ono, ndipo kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala. Komabe lero, pa khonsolo ya boma la Lilongwe, akuluakulu a magawo a mapulani ndi chitukuko, zachuma, zomangamanga, zaumoyo, maphunziro ndi ulimi onse amayankha kwa DC. Ena amawatchula magawowa kuti madipatimenti, ena masekita, ena madayirekitoreti. Kwa wobwera ndi dandaulo, kusiyana kwa mainaku si kofunika kwenikweni. Chofunika kukumbukira n'chakuti khonsolo ya boma la Lilongwe ndi yosiyana ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, ngakhale maofesi a zonse ziwiri ali m'tauni momwemo. Nkhani za ku Nambuma ndi za khonsolo ya boma.

Khansala si mkulu wa dipatimenti iliyonse. Iye salemba anthu ntchito, sagawa mankhwala, sasainira cheke. Udindo wake ndi kunyamula zofuna za wodi yake kupita nazo ku khonsolo, kukhala m'makomiti monga a zachuma, zaumoyo, maphunziro ndi zomangamanga, ndi kufunsa akuluakulu a madipatimenti chifukwa chomwe ntchito yovomerezedwa sikuoneka. Mphamvu yakeyi ndi yaikulu, koma ndi mphamvu yofunsa ndi kuvomereza, osati yogwira ntchitoyo ndi manja.

Chomwe ambiri sazindikira n'chakuti pafupifupi dipatimenti iliyonse ya khonsolo ili ndi munthu wake kumudzi komweko. Mlangizi wa zaulimi amagwira ntchito pansi pa ofesi ya EPA, monga ya Mpingu. Mlangizi wa zaumoyo, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la HSA, amachititsa sikelo ya ana ndi kuyendera zitsime. Mlangizi wa maphunziro, PEA, amakhala pa TDC ndipo amayang'anira sukulu za pulayimale za m'zoni yake. Palinso wa ziweto, wa nkhalango, wa chitukuko cha m'madera ndi woteteza ana. Alangizi onsewa amakumana m'komiti imodzi yotchedwa AEC, yomwe imalangiza komiti ya chitukuko ya ADC m'dera la mfumu yaikulu. Pamenepa ndi pamene nthambi zimakumana pa thunthu, ndipo ndi pafupi kuposa ku tauni.

Vuto ndi lakuti mavuto a m'mudzi sabwera atagawidwa kale m'madipatimenti. Chimphepo chikasasula denga la sukulu ya pulayimale m'mwezi wa Disembala, nkhaniyo ndi ya ndani? Ndi ya maphunziro, chifukwa ana alibe pophunzirira, ndipo mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwitsa PEA tsiku lomwelo. Ndi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, choncho komiti yoona za ngozi ya m'mudzi iyenera kulemba lipoti lomwe limakwera mpaka ku khonsolo, ndipo khonsolo ndi yomwe imadziwitsa nthambi ya DoDMA ngati vutolo lapitirira mphamvu zake. Ndi ya zomangamanga, chifukwa pafunika katswiri woti ayeze ngati zipupa zidakali zolimba ndi kuwerengera malata ndi matabwa ofunika. Ndi ya zachumanso, popeza ndalama ziyenera kuchokera m'thumba linalake. Makolo omwe angathamangire ku ofesi imodzi yokha mwa zinayi adzamva yankho loona koma losakwanira. Nkhani yotere imayenda msanga ikadzera kwa mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, VDC ndi khansala nthawi imodzi, chifukwa njira zimenezi zimakathera pa tebulo la DC, pomwe madipatimenti onse anayi amakhala pamodzi.

Mjigo ukawonongeka ndi chimodzimodzi, ngakhale nkhani yake ndi yaifupi. Komiti ya mjigo imayamba yaitana mmisiri wa m'deralo ndi kugula zipangizo zing'onozing'ono ndi ndalama zosonkha. Zikakanika, nkhani imapita kwa mlangizi wa zamadzi, ndipo ngati anthu ayamba kumwa madzi a m'dambo, mlangizi wa zaumoyo ayenera kudziwa msanga kolera isanabuke.

M'Chingerezi muli kanenedwe kena komwe munthu amati chinthu chakuti si cha dipatimenti yake, kutanthauza kuti sichimukhudza. Kanenedwe kameneka kadalowanso m'maofesi a kuno, ndipo ndi komwe kamapangitsa anthu kudana ndi mawuwa. Nthawi zambiri wonenayo sakunama: wa nkhalango sangapereke chilolezo chomanga sitolo, monganso wa ziweto sangasamutse mphunzitsi. Ndalama za boma zimagawidwa ndi kuwerengedwa potsata magawo omwewa, ndipo wogwiritsa ntchito ndalama za gawo lina pa ntchito ya gawo lina amafunsidwa ndi owerengera chuma. Koma yankho lotere likathera pomwepo limakhala lopanda ulemu. Wogwira ntchito m'boma amadziwa makomo a anzake, ndipo kuloza khomo loyenera ndi mbali ya ntchito yake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu wouzidwa kuti nkhani yake ndi ya kwina ali ndi ufulu wofunsa dzina la dipatimentiyo, udindo wa munthu woti akamuone, mapepala oti akatenge, ndiponso ngati dipatimentiyo ili ndi mlangizi ku Nambuma komweko. Mayankho amenewa ndi bwino kuwalemba papepala, pamodzi ndi tsiku, kuti nkhaniyo ikadzafika pa msonkhano wa VDC kapena kwa khansala, pakhale poyambira.