NJINGA YAMOTO PA MSEWU WA TALA: KODI MUSINTHE SIPUROKETI?

Masiku ano njinga zamoto zafika m'midzi yambiri. Mlimi akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, kawirikawiri apatulako ndalama nagula njinga, ndipo njingayo ndiyo itenga feteleza ku sitolo, tomato kumsika ndi wodwala ku chipatala. Ena a inu muli kuyenda tsiku ndi tsiku pa msewu wa tala, kuchokera ku Mponela, ku Nathenje kapena ku Namitete kunka ku Lilongwe. Madandaulo anu tiwamva: mukafika pa giya yomaliza injini ilira ngati ifuna kusweka, njinga inthunthumira, manja achita dzanzi, ndipo petulo sachedwa kutha. Tsono anzanu akuuzani kuti, "Sinthani sipuroketi." Uphungu umenewu uli ndi zoona zake, koma suyenera munthu aliyense. Musanatulutse ndalama, tamverani m'mene chinthuchi chigwirira ntchito.

NTCHITO YA SIPUROKETI

Tcheni cha njinga yanu chiyenda pa timagudumu tiwiri ta mano. Timeneti ndito amisiri atcha masipuroketi. Yaing'ono ili kutsogolo, pa injini. Yaikulu ili pa gudumu la kumbuyo. Pa iliyonse kawirikawiri pamakhala nambala yosonyeza mano ake. Ngati nambalayo yafufutika, lembani dzino limodzi ndi choko, nimuwerenge mozungulira.

Tiyerekeze kuti yakutsogolo ili ndi mano 14 ndipo yakumbuyo ili ndi mano 42. Mukagawa 42 ndi 14 mupeza 3. Ndiye kuti yaing'ono izungulira katatu kuti gudumu lizungulire kamodzi, kapena tinene kuti izungulira ka 30 pamene gudumu lizungulira ka 10. Tsopano chotsani ya mano 14, muikepo ya mano 15. Gudumu lizungulirabe ka 10, koma sipuroketi yaing'ono izungulira ka 28 kokha. Injini yapumulako pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Ngati inali kuzungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, tsopano pa liwiro lomwelo idzazungulira ka 5,600. Phokoso lichepa, kunthunthumira kuchepa, ndipo pa msewu wosalala petulo akhoza kukufikitsani patsogolo pang'ono.

Njira ina ndiyo kuchepetsa mano a kumbuyo. Mukasiya ya 14 kutsogolo nimuika ya 39 kumbuyo, zotsatira zake ndi pafupifupi zomwezo. Kumbukirani ichi: pa njinga zotere dzino limodzi la kutsogolo lilingana ndi mano atatu a kumbuyo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Apa ndi pamene ambiri asokera. Sipuroketi sionjezera mphamvu ku injini ngakhale pang'ono. Injini ya 100cc ikhalabe ya 100cc. Chimene mwachita ndi kusinthanitsa basi: mwapereka mphamvu yokoka, nimulandira kuyenda kodekha. Magawo 7 aja amene injini yapumula achokanso pa mphamvu imene gudumu likankhira pansi, ndipo achoka pa giya iliyonse, kuyambira yoyamba kufikira yomaliza.

Inu amene munapalasapo njinga yakapalasa ya magiya mudziwa zimenezi ndi miyendo yanu. Pa chigwa giya yolemera ikoma, pakuti mupalasa pang'ono nimupita kutali. Koma pa chitunda, muli ndi thumba la chimanga pa kaliyala, giya yomweyo ikutsitsani kuti muyambe kukankha.

Injini nayo itero. Mukanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50, njinga ivuta kunyamuka, ndipo mukakamizika kugwira kilatchi theka nthawi yaitali. Kilatchi yogwiridwa motero itentha nitha msanga. Mu mchenga ndi m'matope, m'mene mufuna kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi, giya yoyamba ikhala yothamanga kwambiri ndipo injini izima kawirikawiri. Potsika phiri, injini sithandizanso kugwira njinga monga kale, kotero kuti ntchito yaikulu igwera mabuleki. Munthu wotsika ku Thabwa kunka ku Chikwawa, kapena wa ku Dedza wotsikira ku Golomoti, kapena wa ku mapiri a Chiweta, aganize kawiri pa chimenechi.

Palinso china. Injini yaing'ono ikalemedwa ndi giya, ilephera kusunga liwiro pa giya yomaliza, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene mwera uli kuomba kumaso. Mwini wake athira moto wonse, kapena abwerera ku giya yapansi, ndipo petulo amene anafuna kusunga apita ndithu. Njinga zina zikasinthidwa motero zithamanga mochepa kuposa kale.

YAMBANI MWAYESA NJINGA YANU

Musatengere za mnzanu, pakuti msewu wake si wanu ndipo katundu wake si wanu. Dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: mwa makilomita 10 alionse amene muyenda pa sabata, ndi angati ali pa tala wosalala? Ngati ambiri ali m'njira za kumunda, m'madambo ndi m'zitunda, siyani njinga monga inabwerera.

Lachiwiri: kodi muyenda nokha, kapena masiku ambiri muli ndi munthu kumbuyo, matumba kapena zigubu za mkaka? Wa kabaza ndi wonyamula zokolola afunika mphamvu yokoka koposa china chilichonse. Enanso a m'mapiri achita chosiyana ndi chimene tili kukamba pano: aonjezera mano kumbuyo kuti njinga ikwere bwino.

Lachitatu: pa msewu wosalala, muli pa giya yomaliza, kodi phazi lanu lifunafuna giya ina pamene palibe, injini ili kulira koma mphamvu ikalipo yotsala? Ngati ndi choncho, njinga yanu ikhoza kulandira dzino limodzi. Koma ngati ivutika kale kusunga giya yomaliza pa kachitunda kakang'ono, kusinthako kudzangoonjezera vuto.

NGATI MWATSIMIKIZA KUSINTHA

Onjezerani dzino limodzi lokha kutsogolo. Mano awiri, kuchoka pa 14 kufika pa 16, achotsa mphamvu yokoka yoposa magawo 12 pa 100, ndipo injini yaing'ono siikhoza kupirira zimenezi. Sipuroketi yakutsogolo ndi yotsika mtengo, sichedwa kusintha, ndipo kawirikawiri tcheni chomwecho chikwanira. Gudumu la kumbuyo lingosendera kutsogolo pang'ono.

Popita kukagula, tengani yakale m'manja. Matcheni ali ndi misinkhu yake. Njinga zing'onozing'ono zambiri zigwiritsa ntchito tcheni cha nambala 428, zina zokulirapo cha 520, ndipo sipuroketi ya msinkhu wina silowa pa tcheni cha msinkhu wina. Onaninso kuti bowo la pakati lifanana ndi lakale, ndi kuti tcheni sichikhudza chivundikiro kapena thupi la injini. Tcheni chokhula pa injini chikhoza kuiboola, ndipo pamenepo mwataya ndalama zambiri.

Yang'anani mano a kumbuyo. Ngati asongoka kapena apindika ngati mbedza, kapena ngati tcheni chikokeka kuchoka pa sipuroketi kufikira theka la dzino lioneka, gulani zonse zitatu pamodzi. Tcheni chakutha chidya sipuroketi yatsopano m'masabata owerengeka.

Pomanga, mmisiri alimbitse nati ndi chotsekera chake. Kachitsulo kotseka polumikizira tcheni kaikidwe mbali yake yotseka italoza kumene tcheni chipita. Gudumu liongoke, zizindikiro za mbali zonse ziwiri zilingane. Tcheni chisakhale chokungika ngati chingwe cha uta. Pa njinga zambiri chiyenera kusewera masentimita 2 kapena 3 pakati pake, koma tsatani buku la njinga yanu. Funsaninso mmisiri kumene chosonyeza liwiro chiwerengera. Ngati chiwerengera ku gudumu la kutsogolo, palibe chosintha. Ngati chiwerengera ku injini, chidzayamba kusonyeza liwiro lochepa pamene inu muli kuthamanga koposa.

LEMBANI M'BUKU

Mlimi wanzeru alemba za munda wake. Lembaninso za njinga. Kwa masabata awiri musanasinthe, dzazani thanki nimulembe malita ndi maulendo amene mwayenda. Mukasintha, chitani chimodzimodzi pa msewu womwewo. Bukulo lidzakuuzani zoona kuposa nkhani za pa siteji.

Sipuroketi yakale musataye. Ipakeni oilo, muisunge. Mvula ikayamba mu November kapena December, misewu ya kumudzi ikasanduka matope, ndi pa nthawi yotuta pamene matumba achuluka, mukhoza kuibwezera. Ndipo chisoti chikhale kumutu, chanu ndi cha amene mwamkweza, pakuti injini ikakhala chete munthu sazindikira msanga kuti ali kuthamanga.