Chifuwa ajambula, nanga chiwindi?

Msuweni wanga akupita kusukulu ku UK, ndiye sabata yatha ndinamuperekeza kokajambulitsa chifuwa. Mmalawi aliyense wofuna viza yokakhala kumeneko miyezi yoposa 6 ayenera kuonetsa chikalata choti alibe TB. Atatuluka anati, "Basi, ndili fiti." Ndinamufunsa za chiwindi, anangondiyang'ana.

X-ray ija imaona mapapo basi. Matenda otupa chiwindi, hepatitis B ndi C, amapezeka m'magazi, ndipo munthu atha kukhala nawo zaka zambiri osamva kalikonse mpaka chiwindi chitauma kapena kugwidwa ndi khansa. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B, koma oidziwa anali pafupifupi 13 pa 100 alionse.

N'chifukwa chake madokotala ena ku Ulaya akuti ziwirizi ziziyezedwa limodzi. Ku England, obwera kumene a zaka 16 mpaka 35 ochokera kumayiko ngati kwathu kuno amatha kuyezedwa magazi kuti aone TB yobisala, ija yosatsokomoletsa. Poti jakisoni walowa kale pamkono, bwanji osangoyezeratu ndi hepatitis? Ulendo umodzi, zatheka.

Ifeyo zikutikhudza kwambiri. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda ku Malawi mu 2002. Amene tinabadwa chakachi chisanafike ambiri tinaphonya, ndipo B ambiri amamutenga kwa mayi pobadwa kapena ali aang'ono. Ndiye zoti wapezeka nayo ndi woyendayenda, tasiyani.

Koma pali pomwe ndimachita mantha. TB ya m'mapapo imafala ndi chifuwa m'basi, n'zomveka kuti amafuna uchire kaye usanakwere ndege. Hepatitis B ndi C sizifala choncho. Komabe mayiko ngati Saudi Arabia amakaniza ntchito obwera amene apezeka nayo. Kuyeza kukakhala kotsekera munthu pageti, anthu amabisa. Kukhale kwaufulu, ndipo wopezeka nayo alandire mankhwala: C imachizika ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12, B imagonja ndi tenofovir, yemwe uja ali m'ma ARV.

Msuweni ndamuuza akayezetse asananyamuke. Inenso ndikupita Lachisanu, ngakhale jakisoni ndimamuopa zedi.