Madzi Olowa Pansi Sitiwaona, Timachita Kuwerengera

Ife akatswiri a madzi apansi panthaka timafunsidwa kawirikawiri kuti pa mvula yonse imene imagwa, ndi yochuluka bwanji yomwe imakafika pamadzi amene mijigo imakoka. Chipangizo choyezera zimenezi mwachindunji palibe. Timachita kuwerengera, ndipo kuwerengerako n'kofunika kwambiri m'zigwa zouma zomwe zilibe mtsinje wotulutsa madzi. Nyanja ya Chilwa ili m'chigwa chotsekeka chotere, ngakhale kuti kumeneko mvula si yosowa: madzi amangolowa, potulukira pake ndi kumwamba basi, ngati nthunzi.

Kutsekekako n'komwe kumatithandiza. Pakapita zaka zambirimbiri, madzi olowa pansi amalingana ndi amene amatuluka pa akasupe, kudzera m'mizu ya mitengo ndiponso pabwalo la mchere pakati pa chigwa. Mu 1949, George Maxey ndi Thomas Eakin anatsata mfundoyi ku Nevada, n'kuika mlingo wakuti kumene mvula sifika mamilimita 200 pachaka palibe cholowa, pamene kumapiri komwe imapitirira 500 kumalowa gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma njira imene ine ndimaidalira kwambiri ndi ya chloride, mchere wochepa womwe umabwera ndi mvula. Dzuwa ndi zomera zimamwa madzi n'kusiya mcherewo, monga momwe msuzi umawawira mchere ukamaphwera pamoto. Tinene kuti kwagwa mamilimita 400, ndipo m'madzi apansi tapeza chloride wochuluka ka 100 kuposa wa mumvula. Ndiye kuti olowa pansi ndi mamilimita 4 okha. Pakati pa chipululu cha Kalahari, ku Botswana, ofufuza anapeza pafupifupi milimita imodzi pachaka.

Ena amati nambalazi n'zongopeka, poti njira ziwiri zimatha kusiyana kawiri kapena katatu pa chigwa chimodzi. Kusiyanako kulipodi. Chloride wina amachokera m'miyala kapena m'fumbi, ndipo m'chipululu madzi ambiri amalowa m'chaka chimodzi cha chimvula, zaka zinazo n'kungodutsa. Komabe kaya yankho ndi mamilimita 2 kaya 6, uthenga wake ndi umodzi: madziwo ndi ochepa zedi poyerekeza ndi amene ulimi wamthirira umafuna. Wopereka ziphaso zokumbira mijigo ayenera kutsamira pa nambala yaing'onoyo, chifukwa akalakwitsa mbali imeneyo madzi amangotsala pansi, koma akalakwitsa mbali inayo sabwerera m'nthawi ya moyo wathu.

Enanso amati mjigo wawo sunaphwepo, ndiye vuto lili pati? Mjigo umayamba wakoka madzi osungika, omwe ena analowa zaka masauzande zapitazo nyengo ili yonyowa, choncho umatha kutulutsa bwinobwino kwa zaka makumi angapo uku akutsika. Charles Theis anafotokoza mu 1940 kuti madzi opopedwa, pomalizira pake, amalandidwa kumene ankatulukira. Ngakhale titapopa olingana ndendende ndi olowa, kasupe ndi mitengo ndizo zimalipira. Ku Diamond Valley, ku Nevada komweko, alimi a udzu wa ziweto akhala akupopa madzi opitirira kawiri mlingo wowerengeredwa. Madzi akhala akutsika kuyambira m'ma 1960, akasupe ena anauma, ndipo mu 2015 boma la Nevada linalengeza kuti chigwacho chili pangozi, zomwe zinakakamiza alimiwo kupangana zochepetsa kupopa chaka ndi chaka.