ZA ZOWETA ZOLOWA M'MUNDA WA MWINI

Kwa eni makomo a kwa Nchema.

Akavalo sachuluka m'dziko lino, pakuti kashembe ndi nthenda ya akavalo ziwapha msanga, ndipo owerengeka amene alipo ali kwa anthu a chuma. Koma mlandu wa kavalo wodya msipu wa mwini osapempha uli womwewo wa mbuzi, ndipo mbuzi ndiyo idanitsa anansi kuno.

Kale anthu atakolola chimanga ankamasula zoweta zonse kuti zikadye mapesi, osafunsa mwini munda. Mwambowo unali wabwino pamene malo anali ambiri. Tsopano Chiradzulu wapanikizana: pa kalembera wa 1918 + 100, ndiye wa 2018, munapezeka anthu oposa 350,000, ndipo minda yagundana. Ndiponso taonani, chimanga chichoka m'munda mu April kapena May, koma nandolo atsala chiimire kufikira August ndi September, chinangwa ndi mbatata momwemo. Munda wotere sunakololedwe ai. Mbuzi zisanu zikalowamo m'mawa, pofika masana ndiwo za banja ndi ndalama za sukulu zapita.

Nanga Boma liti chiani? Lamulo la Maboma Ang'ono la 1998 lipatsa Khonsolo mphamvu yoika malamulo a m'dera lake, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linaika mabwalo a milandu ya malo kwa mafumu akulu. Koma mlandu wa mbewu zodyedwa uyambira kwa nyakwawa. Mukapeza choweta m'munda mwanu, chigwireni, muchimange pamthunzi, muchipatse madzi, nimuitane mboni tsiku lomwelo zisanafafanizike ziboda. Musachiteme ndi chikwanje, ngakhale mtima wapsa. Kupha kapena kupweteka choweta cha mwini ndiwo mlandu ku bwalo la Boma, ndipo wodandaula asanduka wolipa.

Inu eni zoweta, musanene kuti analekerera ndi mwana. Kamnyamata ka zaka 7 sikangathe kubweza mbuzi khumi, mlandu ngwanu. Oweta ng'ombe zamkaka m'boma lino atsekera ng'ombe zao m'khola nazitengera udzu, ndipo apindula ndi manyowa. Chitani chomwecho ndi mbuzi kufikira nandolo atathyoledwa: muzimange ndi chingwe chachitali, musunthe chikhomo kawiri pa tsiku, ndipo mubzale nsenjere m'malire a munda wanu mvula ikayamba.